Mkamwini Wodikira Chiperoni

Panali munthu wina, mmisiri wokhoma zidebe, amene anabadwira kumapiri a ku Thyolo koma anakakwatira kuchigwa, chakum'mawa kwa Shire, m'munsi mwenimweni mwa mapiri omwewo. Dzina lake anali Muhiwa. Mkazi wake anali Nangondo, ndipo anali ndi mwana wamkazi dzina lake Dorika. Mwamunayo anali mkamwini, choncho nyumba, munda ndi mitengo ya pabwalo zinali pamalo a kwa mkazi.

Inu amene simunakhaleko kumapiri aja, ndikuuzeni kaye za chiperoni. Dzinja likatha, chimanga chitalowa m'nkhokwe, dziko limauma. Koma kumeneko, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mphepo imatembenuka n'kumachokera cha ku Mozambique, itanyamula chinyontho cha kunyanja ya mchere. Ikagunda mapiri imasanduka nkhungu, ndipo nkhunguyo imawaza. Si mvula yoti munthu angaithawe, ayi. Umangozindikira kuti nsidze zanyowa, jekete yalemera, nkhuku zaima pakhonde ndi mwendo umodzi. Pamatha masiku dzuwa osaoneka. Zovala siziuma pachingwe. Machesi amakana kuyaka. Eni ake amadandaula nacho, amachitukwana kumene, koma akachoka kwawo ndicho chinthu choyamba chimene mtima umachifuna.

Alimi a kumeneko sadikira kukolola kuti abzalenso. Chimanga chikayamba kukhwima amagumula mizere, amasalaza dothi pakati pa mapesi, n'kubzalamo nsawawa. Ulimi umenewu amautcha mbwera. Nsawawa za mbwera palibe amene amazithirira. Zimamwa chiperoni.

Kuchigwa n'kwina. Kumeneko dzuwa ndiye mwini mudzi. M'nyengo yozizira kumangopepuka pang'ono m'mawa, kenako kutentha kumabwerera pamalo pake. Chiperoni chimaoneka ndithu, koma chili kumwamba: mtambo woyera utakhala pamsana pa phiri, ukusefukira ngati thonje lodzaza dengu. Umatsika pang'ono, n'kusungunuka usanafike pa denga la munthu aliyense. Anthu a kuchigwa amangolandira mthunzi wake ndi kamphepo.

Muhiwa sanali mkamwini woipa. Ankalima, ankakhoma zidebe pansi pa mtengo wa bwemba, sankamenya mkazi, sankagona kumowa. Koma Juni akafika, munthuyo ankachoka ali pomwepo. Nyundo inkaima m'manja, maso ali kuphiri. Ukamulankhula ankayankha mochedwa, ngati munthu amene ali kutsidya la mtsinje.

Mayi ake atamwalira, anakwera kukaika maliro. Pobwera sanatenge mbale kapena nsalu ya malemuwo. Anatenga kathumba ka nsawawa zimene mayiwo ankasunga kutsindwi, mbewu ya kwawo kuyambira kale. Anasalaza kachigawo kuseri kwa nyumba, mbali yoyang'ana kuphiri, n'kubzala monga amabzalira kwawo.

Mlamu wake, mchimwene wa Nangondo, dzina lake Zuze, anaima m'mbali akusenda nzimbe ndi mano.

"Alamu, dimba lilipo kumtsinje, chinyontho chake chaulere. Mukubzala pa phulusa bwanji?"

"Nsawawa za kwathu sizimwa madzi a m'chidebe."

"Wokhoma zidebe ndinu nomwe."

"Ndimakhomera inu."

Zuze anaseka, n'kulavula zotsala za nzimbe, n'kumapita.

Madzulo ake, atatha kudya, Muhiwa analankhula ndi mkazi wake. Sanakweze mawu. Anati, "Amake Dorika, ndikufuna ndione ngati dziko lino likundifuna. Nsawawazi zikabereka, ndidziwa kuti chiperoni chandilondola, ndipo ndikhala. Chaka chimene zidzafote, ndidzadziwa kuti ndine mlendo. Ndidzakwera phiri, ndikamange kanyumba kwa alongo anga."

Akanakhala kuti wanena atapsa mtima, Nangondo akanangoti ndi mkwiyo, utha. Koma ananena mofatsa, ngati munthu wotchula tsiku la msika. Ndipo mkaziyo ankadziwa kuti iye sangamutsatire. Mayi ake okalamba anali pamudzi pomwepo, munda unali pomwepo, manda a makolo ake anali pomwepo. Mwamunayo akakwera phiri, akwera yekha.

Nangondo sanatsutse. Anangofunsa kuti, "Nanga chiperonicho chikamabwera mumachidziwa bwanji?"

Muhiwa anakondwa ndi funsolo. Palibe amene anamufunsapo chotero kuchigwa konseko. Anafotokoza mpaka moto unazima. Anati kumayamba kwachita bata ndi kutentha kosagwirizana ndi mwezi wake. Kenako mphepo imatembenuka, masamba a nthochi n'kuonetsa kumimba. Utsi sukwera, umakwawa pa udzu wa denga. Mchere umanyowa m'chitini. Anamzeze amauluka m'munsi. Madzulo kuphiri kumavala chipewa, ndipo chipewacho chikatsika mpaka kubisa mitengo ya pakhosi pa phiri, mawa lake kuwaza.

Mkaziyo anasunga zonse.

Kuyambira pamenepo ankadzuka kum'mawa kutangoyamba kufiira, mwamuna akali m'bulangete. Ankapita kumtsinje wotsika kuphiri, umene m'chilimwe umabisala pansi pa mchenga, n'kufukula, n'kudikira madzi adikhe. Akabwera ankathira ndi chikho pa tsinde lililonse, pang'onopang'ono, n'kukwirira ndi dothi louma kuti pasaoneke. Zimenezi ankachita masiku wamba. Koma tsiku limene phiri lagona ndi chipewa, ankachita china. Ankaviika tsache latsopano m'chidebe n'kumawaza m'mwamba, kuti madontho agwe pa masamba aang'onoang'ono ngati a nkhungu. Ankawaza ndi udzu wa m'mphepete mwa denga. Ankawaza ndi mpini wa khasu limene mwamuna anatsamiritsa pakhoma. Kenako ankabisa tsache, n'kukoleza moto ngati wangodzuka.

Muhiwa ankatuluka, n'kuyang'ana kuphiri, n'kuzungulira kuseri. Ankagwada, n'kukhudza tsamba ndi chala, n'kuika chalacho pa lilime.

"Amake Dorika, tabwerani mudzaone. Chadutsa."

"Chadutsa?"

"Chadutsa mbandakucha. Taonani mpini wanyowa."

Mudzafunsa kuti, kodi munthuyo sankaona kuti bwalo lonse ndi louma, kwanyowa kuseri kokha? Ankaona. Anali ndi yankho lake. Ankati nyumba yawo inaima pakamwa pa chigwembe, pomwe mphepo ya kuphiri imatulukira, ndipo mchira wa nkhungu umathera pomwepo. Munthu akafuna kukhulupirira, nzeru zake zimamugwirira ganyu.

Nsawawa zinachita maluwa oyera. Zinabereka. Sizinali zambiri, zinangodzaza kambale, koma Muhiwa anazisenda yekha, zina anadya zosaphika, maso atatsinzina. Zotsala anaumitsa n'kubweza m'kathumba. Chaka chimenecho anamanga khola la mbuzi. Chaka chotsatira anakulitsa khonde.

Mudzi wonse unkadziwa. Amayi a kumtsinje ankamupeza Nangondo atafukula kale, ndipo ankamupatsa moni kuti, "Mwadzuka bwanji a Chiperoni?" Iye ankangoti, "Tsekani pakamwa, mundithawitsira mwamuna." Ankaseka, n'kumutwika chidebe. Zuze naye ankadziwa. Akakumana ndi mlamu wake ankati, "Alamu, mvula yanu ija ndi yaulemu. Imadziwa ndi malire a munda." Muhiwa ankayankha monyadira kuti, "Imadziwa mwana wake." Palibe amene anaulula. Ankamukonda mmisiri wawo, ndipo ankamumvera chisoni mlongo wawo.

Zaka zinapita. Dorika anakula n'kukwatiwa, mwamuna wake n'kumutengera kutauni. Mayi a Nangondo anamwalira. Mtsinje unayamba kubisala kutali, kotero kuti ulendo wa m'mawa unatalika. Tsitsi la paliwombo la Nangondo linatha ndi nkhata. Mwamuna wake ankadabwa kuti zidebe za m'nyumba mwake zimabooka msanga kuposa za anthu ena, ndipo ankadandaula za malata a masiku ano.

Mawu ake aja sanawabwezepo. Chaka chilichonse pobzala ankawatchula, mwina moseka, mwina osaseka: "Tione ngati chaka chino ndikhala." Kwa iye unali mwambo chabe, ngati mmene munthu amagogodera khasu pamwala asanayambe kulima. Kwa mkaziyo chinali chigamulo chimene chinkaperekedwa mwatsopano chaka ndi chaka.

Ndipo kupukwa kwake sikunathe. Nsawawa zikabereka ankakhala, inde, koma ankakhalabe atafulatira mudzi, nkhope kuphiri. Ankakamba za fungo la masamba a tiyi atanyowa, za mbatata yootcha imene ankagawana ndi alongo ake m'khitchini yodzaza utsi, za mawu a anthu oitanizana m'nkhungu osaonana. Nangondo ankamvetsera akusisita khosi lake.

Chaka china, Juni ali pakati, nsawawa zitangoyamba maluwa, Nangondo anaterereka pa gombe la mtsinje chidebe chili pamutu. Msana unachita kulira. Amayi anzake anamunyamula mpaka kunyumba, n'kuuza mwamuna wake kuti wagwa pokatunga madzi akumwa. Anagona pamphasa, osatha kutembenuka yekha.

Sabata yomweyo chiperoni chinabwera champhamvu kuphiri. Zizindikiro zonse zinakwana. Utsi unakwawa, mchere unanyowa, chipewa chinatsika mpaka kubisa mitengo ya pakhosi. Muhiwa anadzuka m'mamawa, n'kuzungulira kuseri, n'kugwada. Tsamba linali louma. Anakhudza mpini. Unali wouma.

Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja wake chimodzimodzi. Mtambo unali pomwepo pamwamba, woyera, wonenepa, koma sunamutumizire ngakhale dontho. Maluwa anayamba kuyoyoka. Masamba a m'munsi anachita chikasu.

Nangondo ankamva mapazi a mwamuna wake akuzungulira nyumba. Anayesa kudzuka, anagwira khoma, anagwanso. Anapempha mkazi wa Zuze kuti akamuthirireko, koma mayiyo anali ndi dimba lake ndi mwana wodwala, ndipo tsiku limene anayesa anapeza Muhiwa atadzuka kale, atakhala pa mwala pakati pa nsawawa zake, akudikira.

Tsiku lina Muhiwa analowa m'nyumba n'kukhala pafupi ndi mphasa. Anati, "Amake Dorika, chandisiya." Iye anapitiriza, "Sindichoka muli chigonere. Ndidikira muyambe kuyenda. Koma mawu ndinanena." Atatero anatuluka, n'kuyamba kusonkhanitsa zida zake: nyundo, lumo la malata, chitsulo chokhomerapo. Anazimanga m'thumba n'kuzikoleka panjinga, kuti zikhale zokonzeka.

Zuze anafika masana kudzaona mlongo wake. Anaona thumba panjinga. Anaima, n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Ulendo uno sanaseke.

"Alamu, ulendo?"

"Mukuona nokha kuseriko. Chiperoni chandikana."

"Chakukanani."

"Chili apo pamwamba, koma sichikutsika."

"Chitsika bwanji, alamu, msana utathyoka? Chiperoni chanu chagona m'nyumbamo pamphasa. Lowani mukachifunse ngati chadya."

Muhiwa anamuyang'ana mlamu wake, kufuna kuona pomwe pali nthabwala. Panalibe. Zuze anatembenuka n'kumapita, osalowa n'komwe m'nyumba.

Mmisiri uja anazungulira kuseri. Anagwada pa tsinde limodzi, osakhudza tsamba monga ankachitira, koma anafukula pansi ndi zala. Anapeza kadzenje kosalala mozungulira tsinde, koumbika ngati mbale, kumene madzi othiridwa ndi dzanja amasiya. Anafukula tsinde lina. Chimodzimodzi. Mzere wonse unali wotero.

Analowa m'nyumba. Munali mdima wa masana, ndipo mkazi wake anali atayang'ana kukhoma.

"Amake Dorika."

"Ee."

"Zaka zonsezi?"

"Zaka zonsezi."

"Ndi mpini womwe?"

"Ndi mpini womwe. Munkakonda kukhudza umenewo."

Kunja mbuzi zinkalira m'khola, chifukwa tsiku limenelo palibe amene anazimasula.

"Ndiye kuti sichinatsikepo? Ngakhale kamodzi?"

Nangondo anaganiza. Anati, "Kamodzi chinatsika. Chaka chimene Dorika anayamba sukulu. Ndinatuluka ndi chidebe n'kupeza kwanyowa kale. Ndinabwerera kukagona. Tulo ta tsiku limenelo sindinatiiwale."

Kenako anawonjezera, mawu ali pansi, "Sizinafe zonse. Mukathirira lero, mzere wa kukhoma upulumuka, mbewu ya amayi isathe. Ine ndikadzuka ndidzapitiriza. Inu muzingogona monga kale, musamadzuke msanga."

Muhiwa anaimirira. Mbewu yonse inali m'nthaka, m'kathumba munalibe kanthu, ndipo kwawo kuphiri alongo ake anali atasiya kale mtundu umenewo n'kumabzala za kusitolo. Zimene mkazi wake ananena zinali zoona: chidebe chimodzi tsiku limenelo chikanapulumutsa mzere wa kukhoma. Koma anaonanso chimene chikanatsatira. Mzerewo ukapulumuka, chaka cha mawa adzabzala. Akabzala, mayi uyu adzadzuka mbandakucha, kaya amuletse kaya asamuletse, chifukwa mantha a zaka zonsezo sachoka ndi mawu a tsiku limodzi.

Anatuluka. Sanatenge chidebe. Anapita kukhola, anachotsa mitengo ya pakhomo, n'kuzikusira mbuzi kuseri kwa nyumba.

Mbuzi za m'chilimwe sizifunsa. Zinalowa ndi njala ya tsiku lonse.

Nangondo anamva kutafuna kuseri kwa khoma. Anakuwa, akuyesa kudzuka ndi zigongono, "Bambo a Dorika, mbuzi! Mbuzi zalowa!"

Mwamunayo anayankha ali panja, "Gonani. Ndazitsegulira ndine."

Anaima pomwepo mpaka zinamaliza. Anaona maluwa otsala akulowa m'kamwa mwa mbuzi, ndi mzere wa kukhoma womwe. Amene anamuona akuti misozi inkatsika osaipukuta, ndipo milomo inkayenda ngati akulankhula ndi mayi ake. Zitatha, anamasula thumba panjinga n'kubweza zida pansi pa bwemba. Kenako anatenga chidebe n'kulowera kumtsinje dzuwa lili pamutu, mwamuna wa imvi, n'kugwada pamchenga pakati pa amayi. Sankadziwa kufukula kwake. Dzenje linkangogumuka. Amayiwo anamuyang'ana, ndipo palibe amene anaseka. Mmodzi anamusuntha ndi phewa, n'kumufukulira, n'kuti, "Dikirani adikhe, bambo. Osathamanga."

Madzi amenewo Muhiwa anawatereka pamoto. Atatentha anaviika nsalu, n'kuyamba kumuthowa mkazi wake msana, kuyambira m'khosi kutsika. Manja ake anali ozolowera malata, ndipo ankakanikiza kwambiri.

"Pang'onopang'ono," anatero Nangondo. "Si chidebe ichi."

Fanizo lathera pamenepo.

Tsono inu anzanga, ambiri a ife tikukhala kumene sitinabadwire. Wina anatsata banja, wina ntchito, wina sadziwa n'komwe chimene anatsata. Ine ndagona m'maboma ambiri, ndipo kulikonse ndapezako munthu amene thupi lili pano, maso ali kumtambo wa kwawo. Sindikunena kuti lekani kupukwa. Kupukwa sikumva lamulo, ndipo munthu wosakumbuka kwawo ndi woopsa. Koma kupukwa n'kolemera, ndipo kawirikawiri wosenza si mwini wake. Inu mumangousa moyo n'kunena kuti tione ngati chaka chino ndikhala. Wina amamva mawuwo n'kudzuka mdima usanathe.

Mukafika kunyumba lero, musayambe mwayang'ana kuthambo. Yang'anani amene wakutsegulirani chitseko. Muone pamene patha tsitsi, pamene pachita zikang'a, pamene akugwira akamaimirira. Ndipo ngati pali mawu amene munawapachika pamutu pake, akuti ndidzapita, atsitseni iye akali ndi msana.